Pulogalamu ya mphindi 8 pa zokambirana za Israel ndi Palestine: ndiyambe ndi chiti?

Mtolankhani:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonza pulogalamu ya pa wailesi ya mphindi 8 yofotokoza zimene akazembe akuika patsogolo kuti Israel ndi Palestine akhalenso pansi kukambirana. Ndayala mitu isanu: Jerusalem, malire, othawa kwawo, midzi ya Ayuda ku West Bank, ndi chitetezo. Akonzi abweza, akuti ndangowerenga mavuto, sindinanene choyamba n'chiti. Ndiisanje bwanji?

Wa desiki ya nkhani zakunja:
Akonzi sanalakwe, achimwene. Mwayamba ndi denga nsichi zisanazikidwe. Mitu yanu isanuyo ndi imene mgwirizano wa Oslo wa 1993, wa pakati pa Israel ndi a Palestine, unaisiya dala kuti idzamalizidwe mkati mwa zaka 5. Pali zinayi zofunika kugwira kaye.

Choyamba ndi Gaza. Kuleka kuombana pakati pa Israel ndi Hamas, gulu la a Palestine lokhala ndi zida ku Gaza, kunayamba pa 10 Okutobala 2025, amkhalapakati ali America, Egypt, Qatar ndi Turkey, ndipo pa 17 Novembala khonsolo ya chitetezo ya UN inavomereza dongosolo lothetsa nkhondoyo m'magawo pa chigamulo 2803, Russia ndi China osavota mbali iliyonse. Gawo loyamba linatheka chifukwa zosinthana zinali zowerengeka: anthu 20 amoyo amene Hamas inkasunga, mbali inayi akaidi pafupifupi 2,000. Gawo lachiwiri ndiye lolimba. Israel ikuti asilikali ake sachoka Hamas isanatule zida, Hamas ikuti situla zida asilikaliwo alipo. Aliyense akudikira mnzake, ndipo ntchito ya mkhalapakati ndi kudula zinthuzi tizigawo ting'onoting'ono tochitika tsiku limodzi mbali zonse.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo ambiri timaiwala. Mwa pangano la ku Paris la 1994, Israel ndiyo imatolera msonkho wa katundu wolowa m'madera a Palestine, n'kumapereka ku boma la a Palestine lotchedwa Palestinian Authority mwezi ndi mwezi itachotsapo 3 peresenti. Ndalamazi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zimene bomalo limapeza. Zikagwiridwa, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amalandira malipiro operewera. Boma lolephera kulipira apolisi ake silingalonjeze chitetezo kwa munthu.

Chachitatu, kuimitsa kumanga pamalo amene akukanganirana. Tchulani E1, dera lapakati pa Jerusalem ndi mudzi wa Ayuda wa Ma'ale Adumim, kumene Israel inavomereza nyumba pafupifupi 3,400 mu Ogasiti 2025. Zikamangidwa, East Jerusalem idulidwa ku West Bank, ndipo kumpoto ndi kum'mwera kwa West Bank kutsala kolumikizana movutikira.

Chachinayi, adzasaine ndani? Mahmoud Abbas anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Palestinian Authority mu 2005 ndipo chisankho cha pulezidenti sichinachitikenso. Hamas inapambana cha aphungu mu 2006, n'kulanda Gaza mu 2007. Ku Israel nako, nyumba ya malamulo ya Knesset inavota mu Julaye 2024 kukana dziko la Palestine, mavoti 68 kwa 9.

Mphunzitsi wa utolankhani:
Bambo a desiki, zinayizo ndikuvomereza, koma mukazisiya choncho muphunzitsa omvera kulakwa komwe kunagwetsa Oslo. Nsichi sazika osadziwa kukula kwa nyumba. Oslo inati tiyambe ndi zophweka kuti tikhulupirirane, koma sinalembe kuti kumapeto kudzakhala dziko la Palestine, sinaletse momveka bwino kumanga midzi, ndipo sinaike woweruza wonena kuti waphwanya ndi uyu. Zotsatira zake ziwerengeni: mu 1993 Ayuda okhala m'midzi ya ku West Bank anali pafupifupi 110,000, pano ali cha m'ma 500,000, osawerengera East Jerusalem. Kugawa West Bank m'madera A, B ndi C mu 1995 kunali kongoyembekezera, koma dera C, pafupifupi 60 peresenti, likadali m'manja mwa Israel.

Choncho pambali pa zinayizo pakhale chachisanu, choyendera limodzi ndi zinzake: kulemba kumene ulendo ukuthera. Zolembedwa zilipo kale. Mfundo za Bill Clinton, pulezidenti wa America pa nthawiyo, za Disembala 2000 zinati Palestine itenge 94 mpaka 96 peresenti ya West Bank, ndi kusinthana malo ena pang'ono. Mayiko a Aluya anagwirizana ku Beirut mu 2002 kuti adzakhala paubale ndi Israel ikabwerera kumalire amene analipo nkhondo ya 1967 isanachitike. Saudi Arabia mpaka lero ikuti ubale sungakhalepo popanda njira yopita ku dziko la Palestine, ndipo kumeneko ndiye kuli mphamvu yokokera, chifukwa Israel ubalewo ikuufuna.

Mtolankhani:
Zikomo aphunzitsi. Nanga dongosolo la mtendere la 2003 lotchedwa Roadmap, la magawo atatu, silinachite zomwezi? Linagwa bwanji?

Mphunzitsi wa utolankhani:
Linatchuladi kuti pakhale mayiko awiri, Israel ndi Palestine, pofika chaka cha 2005. Olikonza anali anayi: America, Russia, European Union ndi UN. Linafera m'gawo loyamba. Palestine inayenera kuthetsa ziwawa, Israel kuimitsa kumanga midzi. Israel inavomera ndi mfundo 14 zodandaula, ikuti chitetezo chiyambe. A Palestine ankati zichitikire pamodzi. Wowalekanitsa panalibe.

Chitsanzo chabwino pa wailesi ndi cha John Kerry, yemwe anali nduna ya zakunja ya America, chifukwa n'chachifupi. Zokambirana zinayamba mu Julaye 2013, zopatsidwa miyezi 9. Israel inalonjeza kumasula akaidi 104 m'magulu anayi. Atatu anatuluka, lachinayi ayi. Abbas anasaina zolowa m'mapangano 15 a mayiko, kenako Fatah, chipani cha Abbas, inagwirizana ndi Hamas, Israel n'kuimitsa zokambirana mu Epulo 2014. Chichokereni pamenepo mbali ziwirizi sizinakhalenso pansi kukambirana za mtendere wokhalitsa. Onani kuti chinazigwetsa si Jerusalem, koma lonjezo laling'ono lopanda wolikakamiza.

Womasulira nkhani:
Ine ndilowe pa mawu, chifukwa m'Chichewa m'pamene timapunthwa.

Musanene kuti "Afilisti". Omvera amva Goliati, ndipo nkhani yatha musanaiyambe. Nenani "anthu a ku Palestine", ndipo kamodzi mukumbutse kuti ena mwa iwo ndi Akhristu, monga a ku Bethlehem. "Aisraeli" nalonso limakokera ku Baibulo. Ngati mukunena za zochita za nduna, nenani "boma la Israel", limene linakhazikitsidwa mu 1948. Hamas, Fatah, PLO ndi Palestinian Authority si chinthu chimodzi. Amene amasainira Palestine pa zokambirana ndiye PLO, bungwe loimira anthu a ku Palestine.

Kuleka kuombana musakutche "mtendere". Midzi ija musaitche "misasa", ina ndi matauni a anthu oposa 30,000.

Pa West Bank, UN imati ndi malo olandidwa pankhondo ya 1967, ndipo khothi lalikulu la UN, ICJ, linanena pa 19 Julaye 2024 kuti kukhalapo kwa Israel kumeneko n'kosemphana ndi malamulo. Boma la Israel limati ndi malo okanganirana. Mawu alionse muwapatse mwini wake. Chigamulo 242 cha UN, chimene chinatsatira nkhondo ya 1967 ija, musachimasulire ndi "onse" kapena "ena": Chingelezi chake sichinena kuti Israel ichoke m'malo onse, pamene Chifalansa chake ambiri amachimva choncho, ndipo mkangano wa zaka zoposa 50 wagona pamenepo. Nenani kuti "ichoke m'malo amene inalanda", kenako mufotokoze kuti mbali ziwirizi zimamva mosiyana.

Mkonzi wa mapulogalamu:
Mwapatsidwa zambiri, mphindi n'zochepa. Powerenga bwino mawu a Chichewa sapitirira 110 pa mphindi, ndiye muli ndi mawu osakwana 900. Gawani chonchi: mphindi imodzi ya pamene zinthu zili, zitatu za zinayi za a desiki, ziwiri za mfundo ya aphunzitsi ndi chitsanzo cha Kerry, imodzi ya mitu yanu isanu ija mongotchula. Zokambirana zakale za ku Camp David ndi Annapolis zisiyeni. Manambala asapose awiri m'chiganizo, khutu silisunga.

Mphindi yotsalayo ndi ya kwathu, chifukwa woimba foni woyamba adzafunsa. Malawi sinadule ubale ndi Israel mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa anadula. Achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, ofesi ya kazembe wathu inatsegulidwa ku Tel Aviv mu Epulo 2024, ndipo mu Seputembala 2024 Malawi inali mwa mayiko 14 amene anakana chigamulo cha UN chofuna kuti Israel ichoke m'madera a Palestine m'miyezi 12. Nenani zimenezi osathirapo ndemanga.

Mtolankhani:
Zamveka. Nanga za Britain, Canada, Australia ndi France kuvomereza Palestine ngati dziko mu Seputembala 2025, ndiziike pati?

Wa desiki ya nkhani zakunja:
Pansi pa mfundo ya aphunzitsi, chiganizo chimodzi. Zimalimbikitsa kumene ulendo ukuthera, koma sizisuntha msilikali kapena kumasula ndalama za msonkho. Ndime ya Gaza muilembe pomaliza, m'mawa wa tsiku loulutsa, mutaonanso zimene zachitika usiku.