Mnyamata wa Sitandade 3 sakulumikiza maphatikizo, mayi ake ndiwauze chiyani?

Madamu a Std 3, Bangwe:
Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi mnyamata wa zaka 10, masamu a pakamwa amakhoza, nthano amafotokoza bwinobwino, koma ndikamulembera ba ndi la kuti awerenge "bala", zii. Amasinthanitsa b ndi d, kukopera za pabolodi belu limalira ali pamzere wachiwiri. Mayi ake akuti ndi ulesi, akumukwapula madzulo aliwonse, pano akufuna patitaimu. Iwonso kuwerenga kumawavuta. Akubweranso Lachisanu. Ndiwauze zoti akachite chiyani kunyumba?

Sala wa ku Ndirande:
Madamu musadzivutitse. Abwereze kalasi basi, akhwime.

Mphunzitsi wa SNE (maphunziro a ana ofunika chithandizo chapadera):
Musanakambe za kunyumba, yambani maso ndi makutu. Mukhazikeni kutsogolo sabata imodzi, muone ngati akutsinzinira poyang'ana bolodi. Imani kumbuyo kwake, tchulani mawu motsitsa, abwereze. Khutu likamatuluka mafinya kapena akamatembenuza mutu kuti amve, mayi apite naye kuchipatala chapafupi ndi buku lake la kuchipatala, akawatumiza ku Queens ngati kukufunika. Mwana wosamva bwino sangasiyanitse maliwu, ngakhale mumuphunzitse mpaka Disembala.

Madamu a Std 1, Chilomoni:
Za kunyumba zikhale mphindi 10 patsiku, osati ola. Dulani katoni makadi asanu, ba be bi bo bu, musawapatse mulu wonse. Mwana alembe b pamchenga ndi chala uku akutchula liwu lake, osati dzina la lembo. Lembo d lidikire kaye mpaka b atakhazikika, mukaphunzitsa onse awiri tsiku limodzi ndiye mwawasakaniza nokha. Kenako muwonjezere la le li lo lu, azikankha makadi awiri kuti akumane: ba-la, bo-la, lo-bo. Mawu ngati "bambo" ndi "mbuzi" asiyeni, mb ija imagwetsa ana. Mayiwo safunika kudziwa kuwerenga, angokhala pambali, mwana azisaka b papaketi ya shuga kapena ya sopo.

Sala wa ku Ndirande:
Zonsezo ndi ana angati m'kalasi? Abwereze, ndanena kale.

Mphunzitsi wa SNE:
Achimwene, kubwereza ndi buku lomwelo, njira yomweyo, adzatulukanso chimodzimodzi, kungowonjezera manyazi pakati pa tiana. Madamu, chenjerani ndi pakamwa Lachisanulo. Musanene kuti ali ndi dyslexia (vuto lobadwa nalo la kuwerenga) kapena kuti mutu sukoka, ife sitiyeza matenda, ndipo kholo likamva choncho limangomusiyitsa sukulu. Musakambirenso pakhonde makolo ena akumva. Yambani ndi zomwe amakhoza, muwaonetse kope. Kukwapulako muwauze mosapita m'mbali kuti kuleke, mwana wamantha amangolota mawu. Ndipo musampatse mkulu wake ntchitoyi ngati ali wosachedwa kupsa mtima. Lembani zomwe mwaona kwa milungu inayi, a hedi apereke kwa a PEA (alangizi a sukulu za m'zoni) kuti mphunzitsi wa resource centre, kothandizira ana otere, amuone, apange IEP, ndondomeko yophunzitsira mwanayo payekha.

Madamu a Std 1, Chilomoni:
Patitaimu ya makope odzaza manotsi asataye nayo ndalama. Koma a Mother Group kwanuko alipo? Kholo limamva msanga kwa mayi mnzake kusiyana ndi ife a choko.

Sala wa ku Ndirande:
Aphunzitsi a SNE ophunzira ku koleji ya Montfort aja pa zoni yonse alipo angati? Mudikira mpaka temu ithe. Abwereze.

Madamu a Std 3, Bangwe:
Makatoni ndipeza. Koma mchengawo ndi mvula ikugwayi alembera pati?