Kyu-Furukawa ku Tokyo: tikiti ya m'nyumba igulidwe kapena ya pageti ikukwana?

Nabanda: Abale, pageti pa munda wa Kyu-Furukawa amalipiritsa 150 yen, koma kulowa m'nyumba ya miyala ya m'mundamo n'kolipira padera. Ndalama yachiwiriyi ili ndi phindu?

A Mbewe: Gulani mayi. Josiah Conder, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku England, anaijambula nyumbayo, inatha mu 1917, ndipo kunja kwake ndi yachizungu yeniyeni. Chijapani chabisala m'mwamba, momwe muli zipinda zoyala tatami, mphasa za ku Japan. Woima pabwalo sangadziwe zimenezo. Koma funsani kaye pakhomo ngati tikitiyo ikufikitsani m'mwamba, chifukwa nyumbayo imayendetsedwa ndi Otani Museum, osati oyang'anira munda, ndiye masiku ake otsegula amasiyana.

Achimwene a ku Saitama: Ngati m'mwamba mwatsekedwa, sungani ndalamayo. Za 150 yen zija n'zambiri kale. Nyumba ili pamtunda, maluwa a rozi amitundu pafupifupi 100 ali pamtsetse, kumunsi kuli munda wachijapani wokonzedwa ndi Ogawa Jihei wa ku Kyoto: dziwe la Shinji-ike, mathithi amadzi, ndi ena ouma opangidwa ndi miyala yokhayokha. Ambiri amajambula marozi n'kubwerera, osatsika masitepe.

Nabanda: Nanga tikiti ya chaka?

Achimwene a ku Saitama: Ndi 600 yen, ndiye imabweza ndalama pa ulendo wachinayi. Kwa wokhala kufupi ndi yabwino: marozi pakati pa Meyi, marozi enanso mu Okutobala, masamba ofiira kumapeto kwa Novembala. Mlendo wa sabata imodzi asaigule.

A Mbewe: Mlendo atenge yophatikiza ndi munda wina wa Rikugien, 400 yen m'malo mwa 450. Chopulumutsa n'chochepa, koma minda iwiriyi imayendeka wapansi kudzera pa siteshoni ya Komagome. Cholakwika chimakhala nthawi. Munthu amatha tsiku ku Rikugien n'kufika kuno geti litatseka, poti olowa amalekeza 4:30 madzulo.

NaPhiri: Mu Ogasiti kapena Januwale marozi sakhala bwino, ndiye nyumba ndiyo imakhala chokoka. Mvula isakubwezeni, miyala ya pakhoma, ya mtundu wa Komatsu, imasanduka yofiirira ikanyowa. Tsikirani sitima pa siteshoni ya Kami-Nakazato kapena ya Nishigahara, mphindi 7 wapansi. Pa 4 Meyi ndi 1 Okutobala pageti n'paulere, koma anthu amadzaza.

Nabanda: Ndamva. Ndiyambira kuno m'mawa, ndifunse za m'mwamba ndisanatulutse ndalama.