Mapazi a bambo akunyumba atupa, kodi ndi impso?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni. Bambo akunyumba amadula nzimbe kuno ku Nchalo ndiye mapazi atupa moti nsapato sizikulowa, mkodzonso ukuchita thovu. Apongozi akuti ndine ndawadyetsa zinthu, alamu nawonso anabwereka ndalama yanga ya banki m'khonde mpaka lero ziii ndiye ngakhale ya thiransipoti ndilibe. Ndi impso kapena?

Bambo wa ku Bangula: MADZI MAYI!! Dzuwa la kuno kuchigwa si lamasewera, munthu tsiku lonse ali m'munda thukuta kamukamu madzi osamwa, impso zingapirire? Apatseni madzi ambiri basi.

Namwino: Mayi, amuna anuwo ali ndi BP kapena shuga? Akumwa mankhwala anji? Matenda awiriwa ndi amene amawononga impso kwambiri, komanso kumwa brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku poti thupi likuphwanya. Apite ku chipatala cha boma ku Chikwawa akayezetse BP, shuga, mkodzo ndi magazi, m'magazimo amaona creatinine, chinthu chimene chimasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito.

Bambo wa ku Bangula: Zonsezo nzotaya nthawi, ine agogo anga anafika zaka zambiri osayezetsa chilichonse. MADZI.

Namwino: Bambo, madzi amateteza munthu amene sanadwale. Amene watupa kale osamukakamiza kumwa madzi ambiri dokotala asanamuone, impso zikafooka madziwo amangodzadza m'thupi. Mcherenso achepetse.

Mayi wa ku Ngabu: Ine malemu achimwene anga anayamba chonchi, tinataya mbuzi ziwiri kwa asing'anga akungomwa zitsamba m'mabotolo, pofika ku Queens ku Blantyre anati mpofunika dialysis, kusefa magazi ndi makina, koma tinachedwa. Mpaka lero mlamu wanga sitilankhulana.

Mnyamata wa kabaza: Thovulo si kachasu ameneyo? kkkk

Mphunzitsi wa ku Nsanje: Palibe amene watchula likodzo. Ife timasamba mu Shire, ana kusewera m'ngalande, likodzo likakhalitsa limatseka njira ya mkodzo mpaka impso kuwonongeka, chonsecho mankhwala ake a praziquantel alipo. Ndipo inu mayi nkhani za apongozi zikufuna chani pagulu?

Bambo wa ku Bangula: Aphunzitsi mwayamba, chilichonse kwa inu ndi likodzo. Ndanena kale ine.

Namwino: Mayi simunandiyankhe, BP kapena shuga ali nayo?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma pa nkhani ya alamuyi ndipite kwa amfumu kapena ndidikire kaye?