Helios yakana fokasi, ntchito ndi ya Loweruka

Bambo a Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito yojambula zithunzi khumi ndi ziwiri za mzinda wa Blantyre zoti aike pa kalendala, ndipo bwanayo akuti akufuna zooneka ngati zakalekale, osati zowala mbee ngati za pa foni. Mlamu wanga wandibweretsera lenzi yakale ya ku Soviet Union kuchokera ku Joni, Helios-44 58mm f/2, yoyera ngati siliva. Adaputa yolumikizira lenziyi ku kamera ndinagula yolembedwa L39-NEX. Pa Sony a6000 yanga yamanga bwinobwino, mazinga alowa popanda kukakamiza. Koma chithunzi mbuu! Ndapotokola fokasi uku ndi uku, pafupi ayi, patali ayi. Dzulo ndinaima pa Victoria Avenue mpaka dzuwa kupendeka, osatolapo kanthu. Kodi andigulitsa yakufa?

Achimwene a ku Limbe: Mwayatsa Release w/o Lens mu menyu? Popanda imeneyo shata siyilira.

Bambo a Tadala: Ndayatsa achimwene, ikulira ndithu. Vuto ndi chimbuuzicho.

Mai a Chisomo: Iunikeni kaye ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. Mukaona tizinthu ngati ukonde wa kangaude m'katimo, ndi chuku chimenecho. Yanga inagwidwa dzinja lathali nditaisiya m'chikwama.

Bambo a Tadala: Ndaunika mayi, muli tifumbi tochepa chabe. Magalasi ali bwino.

Madala a Studio: Chuku sichingachite zimenezo mwana wanga, chimangofooketsa chithunzi koma fokasi imapezeka. Tachitani ichi pompano. Masulani lenziyo, muigwire ndi dzanja kutsogolo kwa adaputa, fokasi ili pa ∞ (chizindikiro cha kutali kwambiri), muloze pa windo. Kenako muziitalikitsa pang'onopang'ono uku mukuyang'ana pa sikirini. Mundiuze chomwe mwaona.

Bambo a Tadala: Aaa madala! Nditaisuntha mpata wonga kunenepa kwa chala, mtengo wa mango wa aneba watulukira, masamba ake kuwerengeka. Zikutheka bwanji?

Madala a Studio: Basi lenzi yanu ndi yamoyo, cholakwika ndi adaputa. Anthu ambiri amagwa m'mbuna imeneyi chifukwa ku Soviet Union kunali ma M39 awiri, kutanthauza mitundu iwiri ya lenzi za mazinga a 39mm. Makamera a Zorki ndi FED anatengera Leica, ndipo lenzi zake zimakhala 28.8mm kuchokera pa filimu. Lenzi ya Jupiter-8 ya mazinga ndi ya gulu limeneli, ndiye adaputa yanuyo ndi yake. Koma fakitale ya KMZ ku Krasnogorsk itayamba kupanga Zenit, inasunga mazinga omwewo a 39mm pamene kamerayo inali ndi kalilole m'kati wofuna malo oti azigubuduka. Anakankhira lenzi kutsogolo mpaka 45.2mm. Ndiye kumanga imamanga, koma yanuyo yakhala pafupi kwambiri ndi sensa (imene imagwira ntchito ya filimu m'makamera amakono), mwaiperewetsa 16.4mm. Ndi chala chomwe mwayeza chija. Ngakhale mupotokole fokasi mpaka kumapeto, siingatuluke mtunda wonsewo.

Ma Helios akudawa, 44-2 ndi anzake, ambiri ndi a M42 (mazinga a 42mm) ndipo savuta chonchi. Yoyerayo ndi ya m'badwo woyamba. Musaitaye, mwapata chinthu. Kapangidwe kake anakopera ku lenzi ya Biotar ya kampani ya Carl Zeiss Jena, ndipo zina zoyambirirazo zili ndi timasamba 13 ta apecha (kabowo kolowetsa kuwala) pomwe 44-2 ili ndi 8. Tawerengani tanu.

Bambo a Tadala: Ndi 13 ndithu. Nanga nditani, poti Loweruka ndi mkuja?

Achimwene a ku Limbe: Ndili ndi adaputa ya M42-NEX ikungokhala, komanso kamphete ka M39-M42 kanabwera ndi katundu wina. Mumveke kampheteko ku lenzi, kenako mumange pa adaputa yangayo. Mukandipeza ku shopu mawa m'mawa.

Madala a Studio: Njira ndi imeneyo, koma pali kachilema. M42 imakhala pa 45.46mm, yanuyo imafuna 45.2mm. Tsopano mukhala mwapitirira ndi 0.26mm. Kukuoneka kochepa, koma pa lenzi ya 58mm zikutanthauza kuti pa f/2 fokasi ithera pa mamita 13 kapena apo. Munthu woyenda mumsewu mumugwira, phiri la Ndirande ayi. Mwayi wake ngwakuti ma adaputa otchipawa ambiri amawadula mofupikirako dala, ndiye mwina zingokwanirana zokha. Yesani kaye pa chinthu chakutali. Zikakanika, yang'anani m'mbali mwa adaputa, mupeza tisikuluwu titatu togwira mphete ya mazinga. Muichotse mpheteyo, muyale sandipepa wosalala pa galasi la windo lathyathyathya, muikhule kunsi kwake mozungulira, pang'ono n'kuyesa, pang'ono n'kuyesa. Mukhule adaputa, lenziyo musaikhudze.

Achimwene a ku Limbe: Madala, adaputa yake ndi yangatu mukuti akhuleyo!

Madala a Studio: Akugulirani Fanta.

Mai a Chisomo: Ine langa ndi lina, ndipo mundikhululukire bambo a Tadala. Ngakhale fokasi ibwere, 58mm pa a6000 ikhala ngati 87mm chifukwa sensa yake ndi yaing'ono. Mu Haile Selassie Road mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda maminibasi nyumba isanakwane mu chithunzi. Komanso kuzungulira kuja kwa zinthu zakumbuyo kumene anthu amaikondera Helios kumachitikira m'mphepete mwa chithunzi, ndipo sensa yanu imadula mphepetezo. Kuoneka kudzaoneka, koma mosadzaza ngati pa Sony a7 ya sensa yaikulu. Pa nyumba ngati Mandala House kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels mukufunika yotambalala. Ndili ndi Mir-1 37mm f/2.8, ija analemba Grand Prix Brussels 1958 pamphuno. Yanga ndi ya M42, ilowa pa adaputa yomweyo popanda kamphete. Pa kamera yanu ikhala ngati 55mm. Ndikubwerekani, koma ibwere Lolemba ndili ndi chinkhoswe.

Wa ku Area 25: Ndilowe nawo, pa Nikon D5300 zingatheke?

Madala a Studio: Nikon ili pa 46.5mm, yatalika kale kuposa M42. Mujambula nkhope za pafupi basi. Adaputa yokhala ndi galasi m'kati imafikitsa patali koma imadya ukuthwa wa chithunzi. A Canon EF ali pa 44mm, iwo zimawayendera.

Bambo a Tadala: Ndabwerako akuluakulu. Adaputa ya achimwene sinafune sandipepa, phiri la Soche latuluka lakuthwa fokasi isanafike n'kumapeto komwe. Chinandipusitsa china ndi mphete ziwiri za apecha. Ndinaika ya manambala pa 8 n'kumadabwa kuti kuwala sikukusintha, osadziwa kuti pali inzake yosalira imene imatseka timasambato. Tsopano ndikumatsegula yonse, kupeza fokasi ndi peaking (timizere tamtundu timene kamera imaonetsa pa zinthu zimene zili pa fokasi), kenako n'kutseka. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi msika ndinamupempha, anavomera, ndinamujambula pa f/2 masamba a jakaranda ali kumbuyo, ndipo azunguliradi ngakhale pang'ono monga ananenera mai a Chisomo. Nyumba zonse ndajambula ndi Mir pa f/8. Chotsala n'chakuti dzuwa likakhala kutsogolo, chithunzi chonse chikuyera ngati utsi.

Mai a Chisomo: Magalasi akalewa sanawapake zambiri zoletsa kunyezimira. Dulani katoni yakuda muikulunge pamphuno ndi labala, kapena mutchinge ndi chipewa. Koma chimodzi cha utsicho muwaonetse abwanawo musanafufute, si amafuna zakalekale?

Bambo a Tadala: Ndawatumizira pa WhatsApp. Akuti chimenecho chikhale cha pachikuto. Achimwene a ku Limbe, adaputayi mundigulitse basi, tchulani mtengo.