Kalavani ikutsitsa kumbuyo kwa pikapu

Ngolo_yanga: Abale thandizeni, ndikangokoloweka kalavani kumbuyo kwa pikapu kukutsika, kutsogolo kukudzuka mpaka chiwongolero kupepuka. Weight distribution hitch, chokolowekera kalavani chogawa kulemera ku matayala onse, ingathandize?

Makanika77: Eya imathandiza, zitsulo zake ziwiri zija zimabwezera kulemera ku matayala akutsogolo, koma musanakoloweke yezani kaye ndi tepi kuchoka pansi kufika pa madigadi akutsogolo, kenako mukunge matcheni mpaka muyezo uja ubwerere pafupi ndi pomwe unali.

Wamseu: Komatu achimwene hitch siwonjezera mphamvu ya galimoto, onani malire ake m'buku la galimotoyo. Kulemera kotsamira pa hitch kukhale 10 mpaka 15 peresenti ya kalavani yonse, katundu wolemera patsogolo pang'ono pa ekiselo.

Makanika77: Ndipo kalavani ikayamba kuyepayepa osaponda buleki mwadzidzidzi ayi, ingochotsani phazi pamoto pang'onopang'ono chiwongolero chili chilunjikire.