Seleniyamu mu ufa wa m'tauni: tiwerengere nambala iti?

Wa zakudya, Matundo (mumzinda wa Tete, ku Mozambique): Anzanga, ndithandizeni msanga chifukwa lipoti likufunika Lachisanu. Ndafunsa amayi a kuno zimene anadya m'maola 24 apitawo, koma tebulo la zakudya limene ndapatsidwa lili ndi nambala imodzi yokha ya seleniyamu (mchere umene thupi limafuna pang'ono chabe) pa ufa, ngati kuti chimanga chonse chimamera pa dothi limodzi. Ku msika wa Kwachena thumba lina lachokera ku Angónia, lina ku Macanga, lina m'chigwa cha Zambezi, ndipo wogulitsa amakhuthulira pamulu umodzi. Ndidziwa bwanji amene sakufika pa mamaikirogalamu 55 patsiku, mlingo wa seleniyamu wofunika kwa munthu wamkulu?

Wa ku labu, Tete: Achemwali, tebulo lisiyeni, yezani magazi.

Mlangizi wa ulimi, Ulónguè: Nambala imeneyo musaidalire. Ku Malawi anapeza kuti chimanga cha pa dothi la asidi chimakhala ndi seleniyamu wochepa kwambiri poyerekeza ndi cha m'chigwa cha Shire, ndipo mapiri athu ano ndi amodzimodzi ndi a Dedza ndi Ntcheu. Ku Finland vutoli analithetsa pomuthira mu feteleza kuyambira 1984, koma kuno mlimi akulira ndi thumba la feteleza wamba.

Namwino, Moatize: Ine nkhawa yanga ili pa ndiwo. Chaka china tinafunsa chimodzimodzi, ndipo mayi wina anati anadya kapenta wa ku Cahora Bassa, koma nditafika pakhomo ndinapeza kuti kambale kamodzi kanadyetsa anthu 7, iyeyo n'kungonyowetsa mbamu mu msuzi. Mukalemba kuti anadya nsomba osafunsa kuchuluka kwake, lipoti lidzanama.

Wa ku labu, Tete: N'chifukwa chake ndikunena kuti muyeze magazi, pakamwa pa munthu si sikelo.

Namwino, Moatize: Achimwene, magaziwo ayezedwa kuti, ndipo alipira ndani? Komanso munthu akakhala ndi malungo kapena matenda ena, seleniyamu wa m'magazi amatsika, kotero popanda kuyeza CRP (chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti thupi likulimbana ndi matenda) mudzatchula odwala kuti ndi operewera. Chimene ndikupempha n'chakuti wina asathamangire kulembera anthu mapiritsi, pakuti kupyola mamaikirogalamu 400 patsiku tsitsi likhoza kuthothoka ndipo zikhadabo zikhoza kusweka.

Wa ku labu, Tete: Amayi, CRP tiyezera pamodzi, koma popanda magazi mukungolosera.

Mlangizi wa ulimi, Ulónguè: Kodi alipo amene anayezapo ufa wa m'mapaketi umene anthu a m'tauni akugula masiku ano?