Thandizeni: triathlon yanga yoyamba yaitali ndikapange kuti, PE, Durban kapena Rwanda?

Bambo a Taonga (Area 25):
Abale mwaswera bwanji pagulu pano, ndipepeseretu funso langa likhala lalitali. Ndili ndi zaka 38, ntchito ya mu ofesi, tsiku lonse pampando. Kuthamanga ndinayamba kale, marathon ndamalizapo ziwiri, yachiwiriyo maola 4 ndi mphindi 20, sikudzitama ayi ndikudziwa ena pano nthawi imeneyo amakhala atasamba kale kkkk. Njinga ndinagula chaka chatha ya kaunjika, Loweruka ndimadzuka 5 koloko kupalasa msewu wa Mchinji kukafika ku Namitete, kudya nthochi ziwiri nkubwerera. Kusambira nde kumene kuli nkhani. Ine ndinakulira ku Dowa, madzi timawaonera mu ndowa, ndaphunzira kusambira ndili ndi ndevu kale. Panopa pa pool ya mamita 25 ndimatha maulendo 40 osaima, ndiye kuti kilomita imodzi, pa mphindi ngati 28, ndikatuluka maso ali psuu.

Nde mtima wanga uli pa Ironman yonse ija, makilomita 3.8 kusambira, 180 pa njinga, kenako 42.2 kuthamanga. Ndimafuna ya ku Port Elizabeth (PE) ku South Africa, kumene pano akuti Gqeberha, chifukwa ndi imene ili pafupi nafe. Mnzanga wina akuti ayi yamba ndi ya theka, 70.3, ku Durban. Wina akuti bola Rwanda ku Rubavu chifukwa madzi ake ndi a nyanja ngati yathuyi opanda mchere. Vuto ndi loti mayi a kunyumba anena kale kuti ulendo ndi umodzi basi, ndalama za ana a sukulu zisakhudzidwe. Nde amene munapangapo, munthu woyamba amayang'ana chani posankha?

Man Kabaza 49:
Akulu makilomita 180 amenewo kwathu kuno timalipidwa, inu mukufuna mukalipire ma dollar kuti mupalase opanda pasenja?? Bwerani ndikubwerekeni yanga mupange ndalama kkkkk

Bambo a Taonga (Area 25):
Kkkk aise zimenezo ndamva kale kwa apongozi, bweretsani zina

Mayi Nachi:
Achimwene ine ndinapanga 70.3 ya ku Durban, ndikuuzeni mmene ndinaonera. Musasankhe potengera chimene mumachidziwa bwino, inu kuthamanga muli bho, miyendo imeneyo ikafika kulikonse. Yang'anani chimene chingakutulutseni mu mpikisano dzuwa lisanakwere, ndipo kwa inu ndi madzi. Pa 70.3 amapereka ola limodzi ndi mphindi 10 kuti mumalize makilomita 1.9, pa yonse ija maola 2 ndi mphindi 20 pa 3.8. Pa sipidi yanuyo 1.9 muitha pa mphindi 53 kapena 55, mwatsala ndi mpata wa mphindi 15. Koma kumbukirani kuti 28 yanuyo ndi ya mu pool mmene muli mzere wakuda pansi, khoma lokankha pa mamita 25 aliwonse, palibe wokumenyani chidendene kumaso. Mu nyanja mzere mulibe, munthu umasambira mokhotakhota ngati woledzera, wotchi yanga inaonetsa kuti ndinasambira kuposa makilomita 2 pamene njira yake ndi 1.9.

Za Durban, imachitika cha mu June, madzi a Indian Ocean kumeneko sazizira kwambiri, njinga mumatsata msewu wa M4 mmbali mwa nyanja, zitunda zilipo koma zokwera nkutsika osati zolira nazo, kuthamanga ndi pa promenade, njira ya oyenda pansi mmphepete mwa nyanja, pamene pali fulati anthu akukuchemererani. Chovuta ndi mafunde a mmphepete aja, umayenera kudutsa pansi pake pokalowa. Funde loyamba linandigwetsa, magalasi anapita pakhosi, ndinamwa madzi a mchere mpaka mmimba munatembenuka. Ndinangoima kaye, kubweza magalasi, kudikira lina lidutse. Koma mcherewo ulinso ndi ubwino wake, umakuyandamitsa kuposa madzi a ku Salima.

Mdala Phiri wa Njinga:
Mphwanga mverani mayiwa. Ine ndinachita makani ngati anuwa, ndinalumpha ya theka nkukalembetsa yonse ku mpikisano wina kunja, ndinkati munthu wopalasa kuyambira ndili mwana ndingaope chani. Kusambira ndinatuluka pa maola 2 ndi mphindi zingapo, ndili wefuwefu, miyendo ikunjenjemera. Nde masamu ake ali chonchi, njinga amatseka pakatha maola 10 ndi theka kuwerengera pamene munalowa mmadzi, osati pamene mwakwera njinga ayi. Ukachedwa mmadzi wadya nthawi ya njinga. Ine ndinatsala ndi maola ngati 8 ndi mphindi 15 a makilomita 180, ndiye kuti pafupifupi 22 pa ola osatsika, kuphatikizapo kukodza, kudzaza mabotolo, china chilichonse. Pa pepala zimaoneka zophweka. Raundi yoyamba ndinayenda bwino, yachiwiri mphepo inadzuka kumaso, wotchi ikuonetsa 14, 15, ine ndikupalasa ngati ndanyamula matumba a makala, kenako tayala laphwa, manja ali dzanzi tchubu ikukana kulowa. Pa makilomita 160 ndi chakuti galimoto inandipeza, mnyamata waulemu ndithu anangoti pepani bambo nthawi yatha, nkundichotsa kachipangizo kowerengera nthawi ka pa mwendo kaja. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto ndi azungu atatu palibe woyankhula. Marathon imene ndinaikonzekera miyezi 8 sindinaponde ngakhale phazi limodzi.

Za ku PE zo, mzinda umenewo amautcha Windy City, si dzina longopeka. Amasambira pa Hobie Beach, madzi ozizira ofuna wetsuit, malaya a labala osambirira aja, njinga imadutsa mmbali mwa nyanja poyera pamene mphepo ilibe chotchinga. Ndipo kubisala kumbuyo kwa mnzako nkoletsedwa, pakati panu pamayenera kukhala mamita 12, ukayandikira akupatsa kadi ukakhale mu tenti ya chilango. Zija timachita pa msewu wa Mchinji zondondozana ngati abakha zija kumeneko kulibe.

Bambo a Taonga (Area 25):
Eee mdala mwandiopsa. Koma maola 17 amene amapereka kuti umalize Ironman yonse aja si ambiri? Ine ndimawerengera kuti ngakhale kuyenda pansi marathon yo ndifika

Mdala Phiri wa Njinga:
17 yo ndi ya onse pamodzi, koma zipata zili mnjira, ukaphonya chimodzi basi zako zada. Komanso si mipikisano yonse imapereka 17, ina ya ku Ulaya amadula. Werengani kabuku ka malamulo a mpikisano umene mukuufunawo musanalipire, muone chipata chilichonse, muonenso mamita okwera pa njinga onse pamodzi, osamangoona zithunzi za pa Facebook za anthu akumwetulira ndi mendulo.

Sis Thoko:
Ine ndikutsutsako pang'ono, bwanji Rwanda? Ironman 70.3 ya ku Rubavu inayamba 2022, ankasambira mu nyanja ya Kivu, madzi opanda mchere, mafunde a mchere aja kulibe, munthu woopa madzi kumeneko mtima ungakhale mmalo. Komanso Kivu ili pa mamita pafupifupi 1,460 pamwamba, ife Lilongwe tili cha pa 1,050, nde sitingavutike ndi mpweya ngati anthu ochokera kunsi kunyanja ya mchere. Achimwenewa amathamanga, ndi opepuka thupi mwina, zitunda zingawakomere.

Mayi Nachi:
Sis Thoko zoona pa madzipo, koma dziko limenelija amalitcha la mapiri 1,000 pali chifukwa. Munthu amene njinga yake yonse ndi ya ku Namitete, msewu wogona, ukamuponye ku zikweza za ku Rwanda makilomita 90 kenako athamange 21.1? Komanso Rubavu ili pamalire penipeni ndi Goma, nde nkhani za chitetezo ndi kalendala yawo, ngati mpikisanowo ukuchitikabe, muzione kaye musanagule tikiti. Akafuna kumeneko asiye Mchinji ayambe M1 kupita ku Dedza, kapena atsikire ku Salima nkukwera pobwerera, aone ngati mawondo avomera.

Sis Thoko:
Pobwerera ku Salima paja ngakhale minibasi imalira kkkk chabwino ndagonja theka

Bwana Akawunti:
Palibe amene wanena za ndalama nde ndinene ine. Kulembetsa kokha ya yonse ija ndi ma dollar mahandiredi angapo, ya theka imatsikirapo ndithu, ndipo amafuna kulipira pa kadi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 forex mukuidziwa mmene ikuvutira, ine kadi yanga inakana katatu, malo otchipa aja anatha ndikudikira, mapeto ake anandilipirira mlamu wanga wa ku Joni ine nkumupatsa makwacha mkazi wake kuno. Nde yambani msanga. Ubwino wa South Africa ndi woti pasipoti yathu timalowa popanda visa masiku 30, pamene zija za Challenge Roth ku Germany kapena Copenhagen zimene anthu amazitama kuti njira yake ndi yabwino, mufunika visa ya Schengen, tikiti yodula, iwalani kaye. Musaiwale njinga, ndege imafuna ikhale mu bokosi kapena chikwama chake ndipo ena amalipiritsa padera, funsani musanagule tikiti. Yanga inafika kachitsulo kogwira magiya akumbuyo katapindika, ndinayenda tauni yachilendo tsiku lonse kusaka kena. Kamasuleni musanapakire, mugulenso kapadera, nkakang'ono ngati chala koma kopanda iko njinga ndi chitsulo chabe.

Dokotala wa Mbuzi:
Funso langa ndi limodzi, munayamba mwasambirapo pa nyanja, pamene phazi silifika pansi?

Bambo a Taonga (Area 25):
Kunena zoona ayi. Ku Senga Bay ndimapita koma ndimathera mmadzi a mchiuno ndi ana

Dokotala wa Mbuzi:
Nde musalipire kalikonse kaye akulu. Pitani ku Senga Bay, mugwirizane ndi msodzi akuperekezeni ndi bwato pambali, mumange kachibaluni kowala kaja mchiuno, musambire mphindi 30 motsata gombe. Pitani mmawa nyanja ili bata, kenako mudzapitenso nthawi ya mwera cha mu June kapena July pamene imakalipa, koma tsiku limene asodzi eni ake akana kulowa inunso musalowe. Anthu ambiri amene amawavuula pa mpikisano si kuti satha kusambira, ndi mantha, mtima umathamanga, mpweya umakana kulowa, chifuwa chimangoti gwa. Zimenezo ziyambe kukuchitikirani bwato la msodzi lili pambali. Phunzirani kudzutsa mutu pakapita mikono 6 kapena 8 kuyang'ana mtengo kapena mwala umene mwaulunjika, phunziraninso kupumira mbali zonse ziwiri chifukwa funde silifunsa kuti mumapumira kuti. Mufunse eni dera malo opanda ng'ona ndi mvuu, kufupi ndi mabango ndi pamathiriro a mitsinje ayi. Ndipo likodzo lilipo, mukamalowa lowa mu nyanja muzikayezetsa ku chipatala, mankhwala ake praziquantel amapezeka.

Mayi Nachi:
Kuwonjezera apo, nkhani ya wetsuit. Lamulo lawo ndi loti madzi akapitirira madigiri 24.5 ife wamba sitivala ngati tikufuna nthawi yathu iwerengedwe bwino bwino, akatsika pansi pa 16 nde mokakamiza. Ku South Africa nthawi zambiri muvala. Imathandiza kwambiri munthu wa miyendo yolemera ngati othamanganu chifukwa imakukwezani, koma imafinya pachifuwa ndi mmapewa, ukaivala koyamba tsiku la mpikisano umaona ngati wina wakukhalira. Ipezeni msanga muziyesera mu pool miyezi yozizira ija. Ndipo ikhale yosambirira, osati zokhuthala za anthu osewera pa mafunde zimene zimapezeka pa kaunjika zija, imeneyo mikono siizungulira. Pakani mafuta pakhosi, ine inandisupula ndinayenda sabata yonse ngati ndalumidwa.

Man Kabaza 49:
Nde munthu ulipire ndege, ugule malaya a labala, umwe madzi a mchere, akupatse mendulo yosagulitsika. Anthu a mmaofesi muli ndi mavuto ena ake

Mdala Phiri wa Njinga:
Iwe Kabaza takhala chete, ukanakhala ndi pasipoti bwenzi titakutumiza iweyo ukatitengere chikho

Bambo a Taonga (Area 25):
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Zandiwawa pang'ono chifukwa ndinali nditauza kale anthu ku ntchito kuti ndikupanga yonse, koma nkhani ya mdala ya kumbuyo kwa galimoto ija yandikhala pamtima, ulendo ndi umodzi ndipo sindikufuna kukafotokozera mayi a Taonga kuti ndalama zonse zija ndinathera mmadzi. Nde ndikupendekera ku Durban ya theka, koma ndilipira pokhapokha ndikasambira makilomita 2 ku Senga Bay pansi pa ola limodzi osagwira bwato. PE idikire. Mayi Nachi wetsuit yanu ija ikadalipo, ndipo ndi saizi yanji? Ine ndine wamtali 1.74, makilo 71.

Mayi Nachi:
Ilipo koma ndi yachizimayi achimwene, mukaivala mudzatuluka ndi sizasi kkkk. Ndifunsa mnzanga wina wa ku Area 47 anali ndi ya medium.

Mdala Phiri wa Njinga:
Loweruka likubwerali tikupita ku Dedza, tinyamuka 5:30, magetsi akumbuyo akhale oyaka chifukwa ma truck a pa M1 saona munthu. Bwerani ndi matchubu awiri ndi pampu yanu, pobwerera tikafika mutsike muthamange mphindi 20 ndione nkhope yanu.

Dokotala wa Mbuzi:
Za ku Salima ine ndili ndi malo a anthu atatu mgalimoto sabata inayo, mafuta tisonkherana, akapezeka.